Ziwiri Zili M'galaja Yanga ku Flint

Galaja yanga ili kuseri kwa fakitale yomwe inatsekedwa,
kuno kumene mchere wothira m'misewu nthawi yachisanu
umadya zitsulo ngati chiswe.
Sabata ino muli galimoto ziwiri za banja limodzi.

Ya kumanzere ndi ya a Orville Pruitt.
Inapangidwa mu 1970, iwo ali mnyamata
wothira chitsulo chamoto m'zikombole,
ndipo amalumbira kuti injini yakeyo inadutsa m'manja mwawo.
Masilinda asanu ndi atatu.
Boneti yoti munthu n'kugonapo osapinda miyendo.
Ukailiza imayamba yatsokomola ngati nkhalamba yosuta,
kenaka mkokomo!
Masipanala anga amavina pakhoma,
galu wa aneba amakalowa kunsi kwa masitepe.
Petulo imamwa ngati kulibe mawa.
Pamsewu wowongoka imakukanikiza pampando
mtima n'kutsalira m'mbuyo,
koma ifike pokhota, maine,
imapendekeka ngati ng'ombe yonona pamatope,
mabuleki akupepesa.

Ya kumanja ndi ya mwana wawo Tamsin, namwino wa usiku.
Kagalimoto ka mipando iwiri, kondilekeza m'chiuno,
kopepuka moti ndimakakankha ndi dzanja limodzi
linalo litagwira kapu ya khofi.
Masilinda anayi basi. Sikabangula, kamang'ung'udza.
Kakadwala sinditchera khutu ayi,
ndimakalumikiza ku kompyuta, kamanena kokha pomwe pakupweteka.
Koma pokhota paja, pafupi ndi mlatho,
kamakakamira phula ngati nkhupakupa.

A Orville amati, "Kachidole! Ndikayetsemula kagubuduka."
Tamsin amati, "Yanuyo ndi nyumba, angoiika matayala."
Zaka zinayi akhala akukangana pakhomo langali,
ine ndili chagada kunsi, mafuta akundidonthera pamphumi.

Chaka chino mwendo wamanzere wa a Orville wakana.
Kilatchi ya chilombo chawo imafuna mwendo wa munthu wosula,
chiwongolero chimafuna mapewa.
Anabwera ndi ndodo, makiyi ali m'thumba la jekete,
n'kunena akuyang'ana kudenga, "Uifunire wogula."

Tamsin sanayankhe.
Anatsegula chitseko cha kakeko.
Kuwalowetsa inali ntchito: ndodo kaye, mwendo wodwala,
ine nditagwira mutu kuti usagunde,
iwo akutukwana amene anakapanga.
Anapita. Ndinasintha matayala a munthu wina. Ndinasesa.

Atabwerera, chisoti chinalibe pamutu,
imvi zili nyankhalala.
Anakhala chete mpaka injini inasiya kuthetheka.
"Pamlatho paja," anatero, "sunaponde buleki."
"Sindinaponde."
"Ine zaka makumi asanu ndakhala ndikupondapo."

Ndiye anapisa m'thumba. Makiyi anapita kwa mwana, osati kwa ine.

Inamuzimira katatu asanatuluke pageti.
Kachinayi inalumpha, matayala akumbuyo analira,
mizere iwiri yakuda inatsala pasimenti yanga,
ndipo m'kati mwa utsiwo ndinamva a Orville akuseka
mpaka kutsamwa,
ndi Tamsin akukuwa, "Chimakhota bwanji chimenechi?"

Makasitomala amandifunsa yopambana.
Ndimawauza zomwe ndikudziwa:
ina imalemera pafupifupi kawiri kuposa inzake,
ina imafika koyamba msewu ukawongoka,
ina ukakhota.
Ina ndimaikonza ndi khutu ndi nyundo,
ina ndi chingwe ndi magalasi a maso.
Yaikuluyo ikadali kudontha mafuta usiku uliwonse.
Ndinaika katoni pansi pake.
Wogula uja anaimba foni dzulo, ndinati nambala yalakwika.
Mizere ija sindinaikolope.